Bakha mumpando wa ahedi: usiku umene ndinakalipira mwana wosalakwa

Ndine telala. Ndimasoka pakhonde la golosale ina ku Bangwe kuno ku Blantyre, ndi makina a Singer opalasa ndi mwendo amene anandisiyira malemu bambo anga. Kunyumba tilipo anayi: ine, ana anga awiri, ndi amayi anga amene anabwera kudzakhala nafe nyumba yawo itagwa ku Mulanje ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Bambo a anawa ali ku Johannesburg, amatumiza akapeza.

Nkhani iyi ndimawauza azimayi anzanga akabwera kudzayesa madiresi nkhope zili ndwii. Ambiri amayamba aseka kaye, poganiza kuti ndikucheza.

Mu Okutobala chaka chomwecho sukulu ina yapulaiveti inandipatsa oda ya mayunifolomu 40, mashati oyera, makabudula ndi masiketi. Mtengo tinapangana, dipoziti ndinalandira. Apa ndivomere kulakwa kwanga: m'malo mokagula nsalu tsiku lomwelo, ndinati ndimalize kaye madiresi a ukwati amene anali pamakina. Pa 9 Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndinamva pa wailesi ndikupalasa makina, mumtima n'kumati zimenezo n'za anthu ogwira madola, ine ndi dola tinaonana kuti? Ndinaiwala kuti nsalu, ulusi, mazipi ngakhale mabatani amene ndimagula, zambiri zimachokera kunja.

Sabata yotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Limbe. M'sitolo imene ndimagula nthawi zonse mitengo yakale inali itafufutidwa. Ndinazungulira masitolo anayi, konse chimodzimodzi. Ndalama yoti ikanagula nsalu yonse inangokwanira theka ndi kanthu pang'ono. Ndinaimbira foni mwini sukuluyo ndili chiimire pakhonde la sitolo, kufotokoza mwaulemu monse. Mkuluyo ali ndi mawu otulukira m'mphuno, ndipo amayankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga malamulo a dziko. "Mayi, pangano ndi pangano. Za kwachazo ine sizikundikhudza." Foni n'kudula.

Pobwerera mvula inandipeza pasiteji. Kondakitala anandilipiritsa mpando wa thumba la nsalu, ngakhale thumbalo linali pamiyendo panga. Ndinafika kunyumba cha m'ma 7 koloko, magetsi kulibe, nsapato zili matope okhaokha. Thumba ndinangoliponya pakhomo la pabalaza n'kudzigwetsa pampando, masamu akuzungulira m'mutu: ndikasoka onse ndiluza zingati, ndikabweza dipoziti ndiitenga kuti.

Mzime wanga, mnyamata wa zaka 7, anatumidwa ndi agogo ake kubweretsa ndiwo kuchokera pambaula. Anali usipa wothira tomato ndi mafuta omaliza m'botolo. Analowa atagwira mbale ndi manja awiri, mosamala ngati wanyamula mazira. Mumdima muja anapunthwa pathumba. Mbale inauluka, ndipo msuzi unatsikira m'thumbamo, pansalu yoyera ya mashati imene inali pamwamba.

Zimene ndinayankhula sindizilemba zonse. Ndinamuuza kuti ndi mwana wopanda nzeru, kuti ali ndi maso okongoletsa nkhope basi, kuti ndikuvutikira anthu osayamika. Mawu anga anafika mpaka kwa aneba. Mwanayo sanalire mokweza. Anatola mbale, n'kuyamba kutolera usipa pansi m'modzim'modzi kubwezeramo, kenako anakalowa kuseri kwa katani yotchinga kuchipinda. Amayi anandisiya mpaka nditatha mpweya, ndipo anangofunsa funso limodzi, osandiyang'ana n'komwe: "Kodi thumbalo analiika pakhomo ndani?"

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Tsiku limenelo nkhuyu ndinadya ndine, wopotedwa anali mwana.

Tinadya nsima ndi nkhwani wotsala masana, aliyense maso m'mbale. Mnyamata anakana kutuluka. Ndinkadziwa kuti ndalakwa, koma ife tinaleredwa kuti wamkulu salakwa. Amayi anga sanandipepesepo chibadwire changa. Akandikalipira molakwa, kupepesa kwawo kunali kundiwonjezera nthuli ya nyama m'mbale, kapena kunditcha dzina langa lapaubwana. Ine usiku umenewo ndinalibe nthuli yoti ndiwonjezere, ndipo mawu oti "pepa" anali atakakamira pakhosi ngati fupa la chambo.

Mwana wanga wachisamba, mtsikana amene panthawiyo anali mu Sitandade 7, anali pakona atadzifunditsa chitenje kumutu, tochi ya foni yanga ikuwala m'katimo. Ndinamva akupuma modukiza, mapewa akugwedezeka. Poyamba ndinayesa akulira. Ayi, amaseka, akuluma chitenje kuti ndisamve. Mkwiyo unabweranso: m'nyumba muli chonchi, wina akuseka, komanso akundithera moto wa foni.

"Ukuseka chiyani iwe?"

"Palibe, amayi."

"Bweretsa kuno."

Linali buku la Chingerezi la ana limene ndinamugulira miyezi ingapo m'mbuyomo kwa anyamata oyala mabuku akale pansi m'mbali mwa msewu ku Limbe. Linali lopanda chikuto, masamba oyamba atathothoka, n'chifukwa chake anandigulitsa motchipa. Dzina lake sitikulidziwa mpaka lero, ngakhale wolemba wake. Ndinalitenga ndi cholinga cholilanda. Koma maso anagwera pamene panali chala chake, ndipo ndinawerenga mizere iwiri mokweza, ndi mawu a munthu wofuna kupeza mlandu. Amayi, amene Chingerezi sachimva, anati, "Tiuzeni nafe, kapena n'za ophunzira okhaokha?"

Ndinayamba kumasulira, monyinyirika.

Nkhani yake inali ya ahedi ena odzimva, okonda kuyankhula pa asembule mpaka ana kukomoka ndi dzuwa, koma oopa bakha. Bakhayo anali wa pasukulu pomwepo, ndipo pazifukwa zake anawakonda ahediwo, n'kumawatsatira kulikonse. Pamene mwana wanga anafika panali pa tsiku limene bwana woyendera sukulu amabwera. Bakha analowa mu ofesi, ahedi anathawira m'kabati ya matsache n'kudzitsekera, bakha n'kukwera pampando wawo. Bwana woyendera sukulu anali ataiwala magalasi ake m'basi. Analowa, anaona chinthu choyera chitakhala mwaulemu kuseri kwa tebulo, anavula chipewa, n'kuyamba kuchifunsa mafunso.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Pofika pa mawu a bwanayo, pakamwa panga panatuluka mawu a mwini sukulu uja, a m'mphuno aja, pang'onopang'ono: "Ahedi, tandiuzani, ana anu akukhoza bwanji masamu?" Ndiye ndinayankha ndekha ngati bakha: "Kwaa." Bwana analemba m'kabuku kake kuti ahediwa ndi munthu wosachulutsa gaga m'diwa, wodziwa kuyankha mwachidule. Anafunsa za ndalama za sukulu. "Kwaa, kwaa." Bwana anagwedeza mutu, nati sanamvepo lipoti lomveka bwino chotere m'boma lonse.

Amayi anaomba m'manja n'kunena kuti, "Tili tonse!" ngati tili pabwalo ku Mulanje usiku wa mwezi. Mtsikana anagwa chagada. Ine ndinapitiriza, tsopano ndikukometsera dala. Ahedi m'kabati muja fumbi la matsache linawalowa m'mphuno, akulimbana ndi kuyetsemula, ndipo ndinatsina mphuno yanga kuwayerekeza. Apa ndinaona katani ikugwedezeka. Kunatuluka phazi limodzi, kenako bondo. Sindinayang'aneko, ndinadziwa kuti ndikangoyang'ana abwerera. Pamene ahedi anayetsemula chitseko cha kabati n'kutseguka, iwo n'kugwera panja chidebe chili kumutu, bwana n'kulamula bakha kuti amuchotse ntchito wosesa waulesiyu, kuseri kwa katani kunaphulika phwete. Kunali kuseka kwa mwana amene wangotha kulira, kotuluka ndi mamina omwe.

Nane chinandigwira. Ndinaseka mpaka buku kugwa, m'mimba kupweteka, misozi kutuluka. Kenako misozi ija inasintha, inakhala ya Limbe, ya mvula, ya usipa wotoledwa pansi. Palibe anandifunsa. Nditatola buku ndinapeza mnyamata wakhala pansi pafupi nane, mutu atatsamira pantchafu panga. Ndinamugwira kumutu, ndipo mawu aja anatuluka okha, opanda kuwakankha: "Thumba lija ndinaika ndine pakhomo. Sunalakwe. Pepa mwanawe."

Anandiyang'ana pang'ono, nati, "Ndiye bakha anatani?"

Tinawerenga mpaka foni inazima.

Kuyambira pamenepo tachita zimenezi kambirimbiri, ndipo ndakhala ndikuganiza chifukwa chake zimagwira ntchito, poti ine ndine munthu wokonda kudziwa mmene chinthu chasokedwera. Choyamba n'chakuti kuwerenga mokweza kumalanda mutu wonse. Ukamawerenga chamumtima, maso amatha kuyenda pamizere uku maganizo ali pa ngongole. Ndayesapo, umafika pansi pa tsamba osadziwa chimene wawerenga. Koma maso akhale pa Chingerezi, pakamwa pakutuluka Chichewa, khosi likusintha kuchoka kwa bwana kupita kwa bakha, masamu a nsalu amasowa pokhala. Ndiponso sungawerenge mokweza mano ali okukuta. Umakakamizika kupuma bwinobwino, ndipo chifuwa chimamasuka usanazindikire.

Chinacho ndinachimva kwa mng'ono wanga amene ndi mphunzitsi, ndipo ndinakachipezadi pa intaneti. Katswiri wina wa za ubongo ku America, Robert Provine wa pa yunivesite ya Maryland, anafufuza za kuseka kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti munthu amaseka kuwirikiza pafupifupi ka 30 akakhala ndi anzake kusiyana ndi akakhala yekha. Mu 2011 gulu la Robin Dunbar wa ku Oxford linaonetsa kuti anthu akaseka limodzi kwambiri amatha kupirira ululu kuposa asanaseke, ndipo iwo anati n'chifukwa cha timadzi ta m'thupi totchedwa endorphin. Nditawafotokozera amayi zimenezi anangoti, "Anachita kupita kuyunivesite kuti adziwe zimenezo? Nanga kumaliro usiku anthu amaseketsana chifukwa chiyani?" Sindinawatsutse. Koma kwa ine zinandimasulira chinthu chimodzi: buku lomwelo ndikanaliwerenga ndekha pabedi, mwina ndikanangomwetulira. Chinandigwetsa pansi chinali phwete la mwana kuseri kwa katani.

Wina anganene kuti bwanji osangoonera timavidiyo toseketsa pa TikTok kapena pa Facebook. Timaonera nafe, bandulo ikakhalapo. Koma pafoni nkhope zonse zimaloza kagalasi, woseketsa ndi mlendo, ndipo pakatha masekondi ochepa kabwera kena. Pabuku woseketsa ndiwe. Mwana amene ola lapitalo amakuopa akukuona ukulira ngati bakha, mphuno utatsina. Kholo silingakhale loopsa ndi lopusa nthawi imodzi. Kwa ine phindu lalikulu lili pamenepo: kumatsitsa munthu wamkulu pampando popanda kumuchititsa manyazi, ndipo akatsika, kupepesa sikuvutanso.

Ndinalakwitsapo kangapo, ndipo ndibwino ndikuuzeni kuti musabwereze. Nditaona kuti ana akulikonda bukulo, mtima wa ukholo unandilowa: bwanji ndipezerepo mwayi wowaphunzitsa Chingerezi? Ndinayamba kuima pakati pa nkhani. "Mawu awa akutanthauza chiyani? Tatchula. Masupelo ake?" Masiku awiri okha, mnyamata anayamba kunena kuti ali ndi tulo buku likangotuluka. Mtsikana ndiye anandiuza poyera: "Amayi, mwalisandutsa homuweki." Ndinasiya. Chodabwitsa n'chakuti mawu a Chingerezi amawatola okha, ndimawamva akuwagwiritsa ntchito posewera panja. Musafunsenso kuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani. Ana athu amafunsidwa funso limeneli kusukulu, ku Sande sukulu, ngakhale pa nthano za Kalulu. Pakhale nkhani imodzi yoti bakha ndi bakha basi.

Pomasulira musamamatire mawu a m'buku. Nthabwala zina za Chingerezi zimadalira mawu awiri omveka mofanana, ndipo zikawoloka kubwera m'Chichewa zimafa. Ndinayesapo kufotokoza imodzi, nditamaliza onse anangondiyang'ana. Zoterozo ndimangozidumpha. Zimene zimawoloka bwino ndi za anthu odzikuza akugwa m'matope, za kusamvana, za wamkulu woopa kanthu kakang'ono, za mwana wochenjera kuposa akulu. Zakudya zawo zosadziwika ndimazisandutsa phala kapena mandasi. Wapolisi wa m'buku amayankhula ngati wa pa rodibuloko, mayi wolongolola amatenga mawu a munthu wina wa mumpingo mwathu amene sindimutchula. Amayi amamuzindikira nthawi zonse.

Ngati mungathe, yendetsani maso patsogolo tsamba limodzi musanawerenge mokweza. Mabuku ena akale a kunja ali ndi nthabwala zonyoza anthu akuda, olumala kapena onenepa. Ndinakumanapo ndi lina lotero, ndinazindikira ndili pakati pa chiganizo, ndipo ndinachita kupeka mawu ena pompo. Bukulo linathera poyatsira mbaula.

Za kuwala, tochi ya foni muigoneke chagada n'kuikapo botolo la madzi loonekera mkati, chipinda chonse chimawala ngati muli nyali. Foniyo muitseke netiweki, chifukwa uthenga umodzi wa wokongoza ndalama umabweza tsiku lonse loipa m'nyumba. Ndipo muziima pamene pakoma, ana akuchonderera. Mutu umodzi kapena iwiri yakwana. Mawa mukabwera ndi nkhope yoipa, iwo omwe ndi amene adzakulandireni ndi buku m'manja.

Mabuku sasowa kwenikweni ngati munthu wafunadi. National Library Service yakhala ikubwereketsa mabuku kuyambira mu 1968, likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe, ndipo ili ndi nthambi kuno ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Mabuku ambiri a ana amabwera kuchokera ku bungwe la ku Britain la Book Aid International. Ine ndinakhala mu Blantyre zaka zonsezi osalowamo, ndinkayesa ndi malo a ana a mayeso okhaokha. Anyamata oyala mabuku mumsewu nawo amakhala ndi a ana pansi pa mulu, poti anthu ambiri amafuna a sukulu. Njira yanga yosankhira ndi yachidule: ndimatsegula pakati n'kuwerenga tsamba limodzi ndili chiimire. Pakamwa pakapanda kugwedezeka, ndimalibweza.

Chimene chimandiwawa n'chakuti onse amene tasekera m'nyumba muno ndi a Chingerezi. A Chichewa amene ndawapeza ambiri ndi aafupi, ndipo amathamangira kulangiza. Chonsecho anthu athu ndi oseketsa koopsa. Kwerani minibasi ya ku Ndirande mumve kondakitala akukangana ndi gogo za chenji, kapena mumve adzukulu akuselewula kumanda. Wina atangolemba buku lalitali la ana ndi Chichewa chimenecho, ine ndikanakhala woyamba kuligula, ndipo khosi langa likanapumako pa ntchito yomasulira.

Ndisakunamizeni kuti ndi mankhwala a chilichonse. Msuweni wanga atamwalira chaka chathachi, mtsikana anabweretsa buku pofuna kundithandiza. Ndinawerenga mizere itatu, mawu anali ouma ngati chikonyo, ndinalitseka. Chisoni china chimafuna kuti uchilire, osati uchiseke. Ndiponso pali kusiyana pakati pa tsiku loipa ndi mtima umene wakhala wolemera masabata ambiri, tulo osabwera, chakudya osalowa, munthu n'kumaganiza zoti bola kufa. Zikafika pamenepo uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala, musadalire bakha. Bukuli ndi la masiku wamba aja oti kasitomala wakunyoza, minibasi yakuthira matope, ndipo watsala pang'ono kukhuthulira zonsezo pa anthu amene sanakulakwire.

Mayunifolomu aja ndinawasoka onse 40. Ndinakongola kubanki m'khonde kuti ndigule nsalu yotsala, ndipo phindu silinaoneke. Nsalu yothimbirira ija ndinaiviika, kuichapa kawiri, banga la tomato silinachoke lonse. Ndinaidula mochenjera, mbali zothimbirira zinalowa m'kati mwa makolala, moti pali ana ena m'tauni muno amene akuyenda ndi usipa wathu pakhosi osadziwa.

Buku la bakha tinalimaliza patatha sabata ziwiri, kapena ndinene kuti linatithera m'manja. Tinafika pamene ahedi anaitanidwa kulikulu kukalandira mphotho ya bakha, iwo atakwera sitima, bakha ali pansi pa mpando wawo. Ndinatembenuza tsamba, kunalibe kanthu. Masamba omaliza anali atathothoka ngati oyamba aja. Mnyamata anafufuza pansi pa bedi, mtsikana anakafunsa kwa anyamata a ku Limbe, iwo anangomuseka.

Ndiye aliyense anapeka mathero ake. Mtsikana anati bakha anakwezedwa kukhala nduna ya zamaphunziro. Mnyamata anati ahedi anasiya mantha, n'kumagona ndi bakhayo chipinda chimodzi. Amayi anamvetsera onse, anatafuna mtedza wawo, nati iwo akudziwa bwino mmene nkhani za abakha zimathera: pa Khirisimasi, ndi mpunga.

Mnyamata sanawayankhule agogo ake mpaka m'mawa.